Amuna anga akufuna kubwerako ku Al Ain miyezi itatu isanathe

FUNSO

Zikomo aphunzitsi pondipatsa mpata. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika wa Taifa. Amuna anga ndi mphunzitsi wa masamu. Aphunzitsa zaka 11 pasekondale ina yoyendera, ndipo mu Ogasiti anapita ku Al Ain, m'dziko la United Arab Emirates, kumene anapeza ntchito pasukulu yolipira. Kuti ulendowu utheke tinagulitsa puloti yathu ya ku Dunduzu, ndalama zina tinakongola kwa alamu anga. Masabata oyamba ankatumiza zithunzi tsiku ndi tsiku: misewu, mashopu, kalasi yawo, ngakhale firiji ya m'nyumba. Pano zithunzi zinasiya. Amaimba foni usiku, kwawoko ili 1 koloko, akuti tulo sakulipeza, ana a sukulu sawamvera, ndipo akufuna kubwerera kumudzi. Kunonso apongozi anga ndi abale ena akungondifunsa ndalama, akuganiza kuti zikubwera koma ndikubisa. Ndinamva kuti inu munaphunzitsako komweko. Ndiwalimbitse mtima kapena ndiwauze abwere?

Mayi wothedwa nzeru, Chibavi

YANKHO

Mayi anzanga a ku Chibavi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinachita kuiika pansi kaye. Zimene amuna anu akunena pafoni ndi zomwe ine ndinkauza mkulu wanga mu Novembala 2017. Ndinaphunzitsa sayansi ku Al Ain komweko kuyambira Ogasiti 2017 mpaka Julayi 2022, ndisanabwerere kuno ku Katoto. Ndikufotokozereni kaye zimene munthu amaona akangofika, kuti mumvetse chimene chachitika pakati pa zithunzi zija ndi mafoni a usikuwa.

Ndinatera ku Dubai pakati pa usiku, titadzera ku Addis Ababa. Nditangotuluka pakhomo la bwalo la ndege magalasi anga anachita nthunzi, mpweya unandiwomba kumaso ngati ndasuzumira m'ng'anjo ya njerwa. Ndinali nditavala juzi, poti ndinanyamuka kuno kukuzizira, chifunga chitaphimba Chikangawa yense. Galimoto ya sukulu inatitenga ulendo wa ola limodzi ndi theka, msewu wopanda dzenje ndi limodzi lomwe, magetsi akuyaka m'chipululu mopanda nyumba. Ndinkawerenga mapolo a magetsiwo ndikuganiza za ana anga a Folomu 4 amene ankakonzekera mayeso a MSCE ndi tochi ya foni, chifukwa chaka chimenecho magetsi kuno ankazima tsiku lonse. Kutacha, chinthu choyamba chimene ndinagula chinali kandulo ndi machesi. Kanduloyo ndinabwerera nayo kuno patatha zaka zisanu, yosayatsa.

Ngakhale mpopi unandidabwitsa. Nthawi yotentha, mpopi wa madzi ozizira umatulutsa madzi oti sungasambe masana, chifukwa thanki ili padenga, padzuwa la madigiri 45. Mphunzitsi mnzanga wa ku Philippines ndi amene anandilangiza kuti ndizimitse giza, ndiye madzi ozizira ndizitunga kumpopi wa madzi otentha.

Nanga kalasi! Ana 24 okha, aliyense mpando wake, buku lake. Kumene ndinachokera ana anali oposa 90, ndipo maikulosikopu inali imodzi, yokhomeredwa mu ofesi ya a hedi. Kumeneko labu inali ndi zida zokwanira mwana aliyense, bolodi yake yolembapo ndi chala ngati foni, mapepala ungojambulitsa mmene ukufunira. Choko sindinachigwire zaka zisanu. Sabata zoyambazo munthu umakhala ngati waledzera, ndipo umafuna aliyense kumudzi aone. Zithunzi zimene amuna anu ankatumiza sizinali zonama. Anthu ena adzakuuzani kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine sindivomereza. Zokomazo n'zenizeni, ndipo mphunzitsi aliyense wa kuno ayenera kulakalaka kuti ana athu akhale nazo. Kungoti maso amazolowera msanga, ndipo akazolowera, pamatsala zinthu zimene munthu sangazijambule n'kutumiza pafoni.

Choyamba ndi ulemu. Kuno mphunzitsi akalowa m'kalasi ana amaimirira. Ukakwera minibasi pa depoti, bambo wa ndevu zake amakusiyira mpando wakutsogolo akuti, madamu munandiphunzitsa. Amuna anu akayenda kuchoka ku Chibavi kupita ku Zigwagwa, ndikhulupirira saponda mapazi makumi awiri osamva wina akuitana kuti a sala. Pasukulu yolipira kumeneko, mphunzitsi ndi munthu amene makolo amulemba ntchito, ndipo ana amadziwa zimenezo. Ambiri amabwera ndi dalaivala, chikwama atawanyamulira wantchito wa m'nyumba, ndipo antchito ambiriwo ndi atsikana a ku Ethiopia, Uganda ndi Kenya. Kwa ana ena, munthu wakuda amene anamudziwapo ndi amene amawachapira.

Sabata yanga yachitatu, mnyamata wina wa zaka 13 anagwetsa botolo la madzi. Linagubuduka mpaka pamapazi anga. Sananene kanthu, anangoliloza ndi chibwano, kudikira kuti nditole. Kalasi yonse inali chete, maso ali pa ine. Ndinaima osagwedezeka mpaka anadzuka yekha n'kulitola, koma manja anga ankanjenjemera, ndipo phunziro la tsiku limenelo silinayende. Panalinso nkhani ya lilime. Ife a ku Malawi timasinthanitsa l ndi r tikamalankhula Chingerezi, ndipo kuno palibe amene amazimva. Kumeneko ana ankadikira liwu loti ndiphonye, n'kumalibwereza chapansipansi. Kholo lina linalembera a hedi kuti mwana wawo sandimva. Mawa lake wamkulu wina anadzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope, kulemba zonse zimene ndinkachita. Ndinali nditaphunzitsa zaka 15, koma ndinabwerera kunyumba ngati mwana wa kukoleji amene walephera tichingi pulakitisi.

Ndikukuuzani izi chifukwa amuna anu mwina sakukuuzani zonse. Mawu oti ana sandimvera ndi afupi, koma pansi pake pali munthu amene ankadziwika kuti ndi katswiri wa masamu, tsopano akudzifunsa ngati amadziwadi kuphunzitsa. Onjezerani ntchito ya mapepala, imene ndi yambiri kuposa sikimu ndi lesoni pulani za kuno. Phunziro lililonse lilembedwe pakompyuta, mwana aliyense akhale ndi manambala osonyeza mmene akukwerera, makolo ayankhidwe tsiku lomwelo, ndipo sukulu yonse imakhala pamoto pokonzekera oyendera ochokera ku ADEK, nthambi yoyang'anira maphunziro m'chigawo cha Abu Dhabi, chimene Al Ain ali m'kati mwake. Ine miyezi yoyambayo ndinkatseka kompyuta 11 koloko usiku. Kenako unamva m'chipinda cha aphunzitsi kuti mtsikana wa ku Ulaya amene waphunzitsa zaka ziwiri zokha akulandira kuposa iwe, chifukwa cha pasipoti yake. Zimenezi zinandipweteka ndipo mpaka lero ndimati n'zosalungama.

Chachiwiri ndi zii wa m'nyumba. Ukatseka chitseko cha fulati, chimene umamva ndi makina oziziritsa mpweya basi. Palibe tambala, palibe mwana wa aneba wodzapempha moto, palibe wogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay akudutsa panjinga. Munthu wa khomo loyang'anana nalo ndinakhala naye chaka chathunthu osadziwa dzina lake. Si kuti anthu ake ndi oipa. M'dzikomo, mwa anthu 10 alionse pafupifupi 9 ndi obwera, ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Philippines, Egypt ndi kwina. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chimayendera ntchito, ntchito ikatha nawenso uyambe kumanga katundu. Ndiye aliyense amakhala ngati ali pa depoti, mtima uli kwawo. Nthawi yanga tinkagwira ntchito kuyambira Lamlungu mpaka Lachinayi. Lamlungu loyamba ndinaimirira kutsogolo kwa kalasi 8 koloko m'mawa, ndikudziwa kuti kuno ili 6 koloko, anthu akuvala zopita kutchalitchi cha St Peter's, ndipo ndinamva ngati ndachimwa. Izi zinasintha mu Januwale 2022. Pano amuna anu amapuma Loweruka ndi Lamlungu, Lachisanu amaweruka masana.

Chimene chinandithyola chinali maliro. Mwezi wachitatu malume anga, amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira, anatisiya ku Ekwendeni. Uthenga unandipeza panthawi yopuma, mawu a mkulu wanga ojambulidwa pa WhatsApp, kumbuyo kukumveka amayi akulira. Ndinaumvera m'chimbudzi cha aphunzitsi, ndinasamba kumaso, belu linalira, ndinakalowa m'kalasi kukaphunzitsa za kagayidwe ka chakudya m'thupi. Ndalama ya tikiti ndinalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo ndikanapeza ataika kale. Usiku umenewo ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuyamba kupinda zovala. Ndili m'kati mopinda, kunagogoda mayi wina wa ku Kerala, m'dziko la India, amene ankaphunzitsa masamu, atanyamula poto wa mpunga ndi nsomba. Anali ataona maso anga masana. Sanandifunse zambiri. Anakhala pansi pamkeka mpaka 12 koloko, monga timachitira pasiwa, ndipo anandiuza kuti iyenso bambo ake anaikidwa iye ali m'kalasi. Sutikesi ija ndinaibwezera pamwamba patatha masiku atatu.

Tsopano ku funso lanu. Musawauze kuti limbani mtima ngati mwamuna, chifukwa mukatero adzasiya kukuuzani, ndipo munthu amene wasiya kulankhula ali yekha m'fulati ndi amene ine ndimamuopera. Koma musawauzenso lero kuti bwerani. Yambani mwawafunsa zinthu izi, mosazungulira. Kodi malipiro akulowa kubanki mwezi ndi mwezi monga zinalembedwa m'kontirakiti? Kodi pasipoti ili m'manja mwawo? Lamulo la kumeneko sililola bwana kusunga pasipoti ya wantchito, ndipo madandaulo a malipiro amapita ku unduna wa zantchito wotchedwa MOHRE. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chalakwika, nkhani yake ndi ina, si yopukwa kumudzi ayi, ndipo akadandaule msanga. Muwafunsenso ngati akudya, ndi maola angati amene akugona. Akayamba kulankhula zoti moyo watopetsa, zoti bola kufa, musadikire kanthu. Akaonane ndi dokotala sabata yomweyo, poti inshuwalansi ya chipatala amapatsidwa ndi sukulu, ndipo ngati n'kubwera abwere. Puloti ya ku Dunduzu mudzagula ina.

Ngati malipiro akubwera, pasipoti ali nayo, ndipo chimene chikuwadya ndi kalasi ndi kusungulumwa, muwapemphe chinthu chimodzi: adikire mpaka tchuthi cha Disembala asanagamule. Sindikunena izi pongofuna kukankha masiku. Iwo anafika mu Ogasiti, mwezi woipitsitsa, pamene munthu sangayende pansi ngakhale mphindi khumi. Kunja kumatentha mwakuti kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Seputembala boma limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana. Choncho chimene aona mpaka pano ndi makoma a fulati, basi ya sukulu ndi makoma a kalasi. Kuyambira Novembala kumazizira bwino, anthu amatuluka, amakhala m'mapaki mpaka usiku. Pakati pa mzinda wa Al Ain pali munda waukulu wa kanjedza, wothiriridwa ndi ngalande zakale zotchedwa falaj, ndipo munthu amayendamo mumthunzi akumva madzi akuyenda ndi mbalame. Kunja kwa mzinda kuli phiri la Jebel Hafeet, msewu wa tala mpaka pamwamba. Nsonga yake ndi yokwera pafupifupi mamita 1,250, chimodzimodzi ndi pamene pali Mzuzu. Ndinakwerako koyamba mu Disembala 2017, madzulo, ndipo mphepo imene inandiwomba inali ya ku Katoto yeniyeni. Muwauze apiteko.

Kalasi nayonso imasintha. Yanga inatembenuka mu Januwale. Ndinaloweza dzina la mwana aliyense ndi katchulidwe kake koyenera, ndinaphunzira moni ndi zikomo m'Chiarabu, ndinasiya kukalipa. Kumeneko mwana sakhudzidwa ngakhale ndi chala, ndiye chida cha mphunzitsi ndi cholembera ndi foni: cholakwa chilichonse chilembedwe, ndipo kholo uliimbire iwe lisanakuimbire. Ndinayambanso kuimbira makolo mwana akachita bwino, zimene sankaziyembekezera. Mnyamata wa botolo uja, pofika Ramadan ya 2018, anandibweretsera bokosi la zipatso za kanjedza kuchokera kwa mayi ake, ndipo chaka chotsatira ndi amene ankaletsa anzake phokoso. Amuna anu apeze mphunzitsi mmodzi amene wakhalitsa pasukulupo, wa ku Kenya, wa ku Zimbabwe, wa ku India, aliyense, amupemphe kukaonerera kalasi yake. Safunsa anadya phula.

Asadzitsekere Lamlungu. Ku Al Ain kuli tchalitchi cha Katolika cha St Mary's, kulinso malo opempherera a mipingo ina, ndipo kumeneko n'kumene ndinapeza anthu a ku Zambia amene tinkalankhula nawo Chinyanja ndi kuphika nsima limodzi. Ufa woyera umapezeka m'mashopu amene anthu a ku Kenya ndi Uganda amagulamo, therere ndi nyemba zili paliponse. Mthiko wokha ndi umene ndinachita kunyamula kuchokera kuno. Mu Febuluwale 2019 tinakwera mabasi usiku kupita ku Abu Dhabi kukachita Misa ndi Papa Francis pabwalo la Zayed Sports City, ndipo pafupi nane panali anthu amene pofika nthawiyo ndinkawatcha abale.

Za ndalama, ntchito yaikulu ndi yanu. N'zoona kuti malipiro kumeneko sadulidwa msonkho, ndipo ndalama yawo, dirham, inamangiriridwa ku dola ya ku America, dola imodzi madirham 3.67. Siigwa monga inagwera kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma miyezi itatu yoyamba ndalamayo imathera m'maenje: mapoto, zofunda, foni, ngongole za ulendo. Khalani pansi ndi apongozi anu ndi alamu anuwo, makamaka pamaso pa ankhoswe, muwaonetse pepala la zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo muwauze mwezi umene thandizo lidzayambe ndi kuchuluka kwake. Zopempha zonse zizifikira kwa inu, osati pafoni ya munthu amene sakugona. Ndipo amuna anu asayerekeze kutenga ngongole ya kubanki kumeneko pofuna kutseka pakamwa abale. Mabanki ake amachita kukuimbira okha kukunyengerera, koma ngongole ikakanika khoti likhoza kukuletsa kutuluka m'dzikomo.

Disembala akakwana iwo n'kunenabe kuti ayi, ndabwera, abwere mwadongosolo. Asathawe usiku ngati mmene ena amachitira patchuthi. Miyezi yoyeserera ntchito siipitirira 6, ndipo amene akufuna kusiya n'kutuluka m'dzikomo m'nyengo imeneyi amapereka notisi ya masiku 14 yolemba. Awerengenso kontirakiti yawo pa nkhani ya tikiti. Adziwe kuti ndalama ya chiongoladzanja cha potsiriza ntchito imayamba munthu akakwanitsa chaka chathunthu, malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba. Akatsika basi pa depoti, mukawachingamire ndi ana onse atatu, mutavala chitenje chanu chabwino, kuti a ku Chibavi aone kuti mwini wake sakuchita manyazi.

Pakadali pano, akaimba usiku musayambe ndi nkhani ya fizi. Kuimbirana pa WhatsApp kumeneko n'kotsekedwa, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yotchedwa Botim, koma mawu ojambula amadutsa bwinobwino. Ana aziwajambulira mafunso a masamu a homuweki, bambo awo aziwayankha. Mvula yoyamba ikagwa, ikani foni pawindo mujambule mmene ikumvekera pamalata, muwatumizire. Mkulu wanga ananditumizira zoterezi mu Disembala 2017, mphindi ziwiri zokha, ndipo ndinkazimvera ndikamagona mpaka Epulo.

FUNSO

Ndamaliza digiri ya zauphunzitsi ku Mzuni chaka chatha koma ntchito sinapezeke. Munthu wina pa Facebook akuti andipezera sukulu ku Dubai, nditumize K900,000 ya viza, ndipite ngati mlendo wokaona malo, mapepala a ntchito akakonza ndikafika. Mayi anga akuti agulitse ng'ombe ziwiri. Ndichite?

Mnyamata wa ku Luwinga

YANKHO

Mwana wanga, ng'ombe za mayi ako zikhale m'khola. Lamulo la dzikolo limati ndalama zolembera munthu ntchito ndi za viza yake amalipira ndi bwana, osati wantchito, ndipo kugwira ntchito uli ndi viza ya mlendo ndi mlandu umene umagwera iwenso. Sukulu yeniyeni imakufunsa mafunso pavidiyo, a hedi kapena wamkulu wa phunzirolo ukumuona, kenako imakutumizira kalata yonena malipiro, nyumba, tikiti ndi inshuwalansi. Imafuna digiri yotsimikizidwa ndi zidindo, kuphatikizapo cha unduna wathu woona za maubale ndi mayiko ena ku Lilongwe, kalata ya kupolisi, ndipo nthawi zambiri zaka ziwiri zophunzitsa, zimene iwe sunakwanitse. Udziwenso kuti ukafika amakuyeza magazi ndi chifuwa, ndipo amene wapezeka ndi HIV sapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo. Ndi bwino kudziwa mmene ulili usanawononge tambala iliyonse.

Unamva za amayi a ku Malawi amene anakazunzika m'nyumba za anthu ku Oman. Ambiri a iwo ulendo wawo unayamba ndi uthenga wokoma wa pafoni ngati umenewu. Mufunse munthuyo dzina la sukuluyo. Sukulu zonse zolipira za ku Dubai zili pamndandanda wa KHDA, bungwe la boma loyang'anira sukuluzo, umene uli pa intaneti. Ukalipeza dzinalo, tenga nambala ya ofesi patsamba la sukuluyo, osati imene wakupatsa iyeyo, uimbe wekha ufunse ngati akumudziwa. Pakadali pano pita kusukulu zolipira za kuno ku Mzuzu ndi ku Ekwendeni ndi mapepala ako, ngakhale malipiro akhale ochepa, uyambe kuwerenga zaka ziwiri zija.